Ng'ombe zathu zadongo zatuluka pamoto

Dzulo chakumadzulo tinafukula phulusa, ndipo mwa ng'ombe 34 zimene ana anaumba, 29 zatuluka zamphumphu. Zina zafiira ngati njerwa yopsa bwino, zina zili ndi mawanga akuda pomwe ndowe inatsamira. Ndinatola imodzi n'kuigogoda ndi chikhadabo, ndipo inalira ngati mtsuko wa pamsika. Usiku wonse tulo sitinabwere bwino chifukwa cha chimwemwe, pakuti masabata awiri apitawo ndinali nditatsala pang'ono kulisiya dongoli.

Tchuthi chachikulu chikafika timasonkhanitsa ana a m'midzi yozungulira kuno ku Ngabu kwa masabata atatu, pansi pa mitengo ya nimu. M'mawa amaimba ndi kusewera, masana ndi anga, a ntchito zamanja. Ang'ono kwambiri ali ndi zaka 7, akuluakulu 13. Chaka chatha tinaluka timikeka ndi zipewa za mlaza. Akuluakulu anakondwa nazo, koma ang'onoang'ono zala zinkawapweteka ndipo ankatopa msanga. N'chifukwa chake chaka chino ndinasankha dongo, poti mwana wa kuchigwa kuno amene sanaumbepo ng'ombe ya linunda ku ubusa ndi wosowa. Chimene ndinkafuna kuwonjezera ndi moto basi. Ng'ombe ya ku ubusa imakhala tsiku limodzi, mawa lake yaphwanyika. Ine ndinkafuna mwana aliyense apite kwawo ndi chinthu choti adzachionebe atakula.

Tsiku loyamba tinakumba makande kuseri kwa bwalo lomwe timakumanapo. Amene munagwirapo makande onyowa mukudziwa mmene amanyengera dzanja. Ndi osalala, omatika, amamva chilichonse chimene chala chawauza. Ana anaumba ng'ombe zokongola, zamalinunda onenepa, nyanga zake za minga ya mthethe. M'mawa mwake tinapeza zonse zitang'aluka, zina makosi atadukiratu, miyendo ili payokha. Ndinati ndi dzuwa. Tinaumbanso n'kuika pamthunzi, koma zinang'alukanso. Ndinati mwina sitinakande mokwanira, ndiye tinaponda dongolo ndi mapazi mpaka thukuta. Zomwezo. Tsiku lachinayi ndinathiramo mchenga wa kumtsinje, ndipo ndinachulutsa, moti dongo linayamba kuyoyoka, mwendo sunkagwira pathupi. Masiku asanu anatha chonchi. Kamtsikana kena kanatola zidutswa za ng'ombe yake yachitatu n'kundifunsa kuti, “Aphunzitsi, kodi ine ndiye sindikutha?” Funso limenelo linandiwawa kwambiri, chifukwa manja ake analibe vuto ngakhale pang'ono.

Chondidabwitsa n'chakuti yankho ndinkaliponda tsiku ndi tsiku. Makande amafufuma akamwa madzi, akauma amafota. N'chifukwa chake dzinja amakakamira matayala a njinga, ndipo chilimwe munda wa thonje umang'ambika ming'alu yoti dzanja n'kulowa. Zimene dothili limachita m'munda ndi zomwe linkachita m'ng'ombe zathu. Miyendo ndi nyanga, poti n'zowonda, zimauma msanga n'kufota, pomwe mimba ikadali yonyowa mkati, ndiye zimakokana mpaka kuduka polumikizira.

Amene anatipulumutsa ndi agogo ake a mnyamata wina wa m'gulu lathu, mayi woumba mitsuko ndi nkhali kuyambira utsikana wawo. Mdzukulu wawo atawafotokozera, anabwera okha masana ena. Anatsina dongo lathu, n'kulipota pakati pa zikhatho, kenaka anati, “Mwanangu, makande ndi a thonje ndi mapira. Dongo la mbiya silikhala pamwamba.” Anatitengera kuchigwembe china chimene madzi anakumba nthawi ya namondwe Freddy mu 2023. Pansi pa dothi lakuda, chakuya ngati m'chiuno, panali dongo lotuwirako, lolimba ngati sopo. Limenelo ndilo tinakumba.

Koma dongo lokha silinali mankhwala onse. Anatiuza tiliviike masiku awiri, tichotse timiyala toyera ndi mizu yonse, kenaka tisinje mapale a mitsuko yakale. Ana anasinja mumtondo, agogo anapera pamphero, ine ndinasefa. Muyeso umene unatiyendera ndi ndowa zitatu za dongo, imodzi ya mapale operawo. Apa ndi pomwe ndinamvetsa kulakwa kwanga ndi mchenga uja. Phale linapsa kale, silifotanso, ndipo timibulu take n'tokhakhala, timagwirana ndi dongo. Mchenga wa kumtsinje ndi woterera, ukachuluka dongo limataya mphamvu. Anationetsanso kuboola mimba ya ng'ombe chapansi ndi kamtengo kuti isakhale chimbulu, ndi kukanda pang'ono polumikizira mwendo tisanamate. Za minga anakana. Anati nyanga ziumbidwe ndi dongo lomwelo, zazifupi, chifukwa munga umapsa n'kusiya bowo.

Ndipo kuumitsa. Apa ndikupemphani anzanga oumba mumvetse bwino, chifukwa ine ndinkaimba mlandu dzuwa pomwe mdani wamkulu ndi mphepo. Mphepo ya miyezi ino ndi youma, ngakhale pamthunzi imayamwa madzi pakhungu la chinthu mkati musanayambe kuuma. Tinaika ng'ombe zonse m'nyumba, pansi, titafunditsa ziguduli zonyowa pang'ono kwa masiku atatu. Kenaka tinavundukula n'kuzisiya m'nyumba momwemo masiku atatu ena, ndipo masiku awiri omaliza ndi pomwe zinaona dzuwa. Palibe ndi imodzi yomwe imene inang'aluka pouma.

Masiku odikirawo ana sanakhale manja lende. Anyamata anapanga galimoto zawaya, zambiri zake mathirakitala okoka nzimbe ngati amene amawaona ku Nchalo, ndipo atsikana anakulunga mikanda ya mapepala. Mlaza wotsala chaka chatha unatithandizanso. Ndimagula kwa mayi wina pamsika wa Nchalo amene amauyanika bwino, suthetheka poluka, ndipo sindinapeze wina woposa wake. Penti ndiye anandikhumudwitsa. Ndinaitanitsa mabotolo kusitolo ina ya mu Limbe, atafika anali madzi okhaokha, sankagwira ngakhale papepala. Pa ng'ombe sitinaufunenso pentiyo. Mnzanga woyendetsa minibasi ananditengera kathumba ka katondo kuchokera kumtunda, chakuseri kwa Thabwa. Tinamusungunula ngati phala lamadzi, ana n'kupaka ng'ombe zikadali zofewa ngati chikopa, kenaka kukulungiza ndi timiyala tosalala. Kunyezimira kumene zatuluka nako pamoto palibe penti angakufike.

Kuwotcha kwake tinadikira mphepo igwe. Tinakumba dzenje losaya, tinayamba tayandikiza ng'ombe m'mbali mwa makala kwa nthawi ndithu, tikuzitembenuza, kuti chinyezi chotsalira chituluke pang'onopang'ono. Madzi akatsekeredwa mkati moto n'kuyaka mwamphamvu, amasanduka nthunzi n'kuphulitsa chinthucho. Zitatentha moti osagwirika, tinaziyala pa mapale, n'kuunjika ndowe zouma pansi ndi pamwamba, mapesi a mapira kunja kwake. Ndowe kuno sizisowa, makola ali ponseponse, ndipo ana anatola matumba anayi tsiku limodzi. Ndimakonda ndowe kuposa nkhuni chifukwa zimanyeka modekha ndipo zimasunga kutentha, komanso sitidula mtengo. Ndinajambula mzere pansi kuti mwana aliyense asaudutse. Moto utakolera tinamva kuphulika katatu, ana onse n'kukhala chete, aliyense akuganiza kuti ndi yake. Agogo sanatekeseke, anangoti tisakhudze mpaka phulusa lizizire lokha mawa lake.

Zisanu zimene zawonongekazo ndaziyang'anitsitsa. Zinayi ndi zamimba zazikulu zomwe bowo lake silinalowe mokwanira, ndipo kulakwa ndi kwanga, ndinayenera kuziona ndisanazifunditse. Yachisanu inagwidwa ndi mnzake itaphulika. Ana asanuwo aumbanso lero, ndipo ngakhale msasa wathu wa tchuthiwu utsekedwa Loweruka, ndawalonjeza kuti tidzawotcha zawo sabata yamawa. Ya kamtsikana kaja yatuluka bwinobwino, yofiira, ya banga lakuda palinunda. Anaikulunga m'chitenje n'kuibereka kumsana.

Mutu wanga tsopano wadzaza. Ana akufuna njovu za ku Majete, mvuu ndi ng'ona za mu Shire, wina akuti ngolo ya mawilo oyenda. Ine ndikulingalira zomanga kauvuni kanjerwa kuti kutentha kuzikhala kofanana, ndipo chaka chamawa akuluakulu ayambe timitsuko ndi agogo. Palinso nkhani ya thonje imene sindiiiwala. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akupota thonje ndi kuomba nsalu m'midzi yawo, ndipo ine ndikulakalaka ana athu atapota ulusi ndi manja awo, mwina mpaka kuomba kansalu ka machila, nsalu yathonje yoomba pamanja, ngakhale kotalika ngati chikhatho. Sindinapezebe woti atiphunzitse.

Pakadali pano vuto ndi mapale. Dongo lilipo ndowa ziwiri zoviika kale, koma mapale atha, ndipo poti makomo ambiri atungira madzi m'zigubu zapulasitiki, mtsuko wosweka wayamba kusowa. Ndawatuma ana kuti akafunse kwa azigogo awo ndi kuyang'ana m'mabwinja, aliyense abwere ndi phale ngakhale limodzi mawa.