Kupita maola 12, kubwera maola 14

Mng'ono wanga atachira ku Sydney, m'dziko la Australia, mwana wake woyamba, anandiimbira pa WhatsApp. "Achemwali, amayi sangauthe ulendowu ndi miyendo yawo ija. Bwerani ndinu."

Atanditumizira tikiti ndinaganiza kuti alakwitsa polemba. Kuchoka ku Johannesburg kukafika ku Sydney pafupifupi maola 12, koma kubwerera maola 14. Mtunda ndi womwewo, makilomita pafupifupi 11,000. Nanga maola awiri enawo ndegeyo imakaima pati? Pakati pa nyanja ya Indian palibe siteji yotsitsira anthu.

Ine zoyenda sindiziopa. Ndakwerapo basi ya ku Joni kangapo, kudutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka kugona pamzere pa Beitbridge. Koma pa basi umatsika, kuwongola msana, kugula chimanga chootcha. M'ndege muja umangokhala phee, maondo atagunda mpando wakutsogolo, maso ali pa kasikirini kosonyeza pamene mwafika. Kasikiriniko ndi komwe kanandibalalitsa. Ndinkayembekezera kuti tilunjika kum'mawa, koma kandege kojambulidwako kanayamba kutsetserekera kummwera, kumene kulibe dziko lililonse, madzi okhaokha. Ndinapemphera chamumtima.

Tsiku lachitatu ndili kumeneko ndinawafunsa alamu. Anatenga lalanje m'khitchini, n'kulemba timadontho tiwiri ndi bolopeni, n'kukoka ulusi kuchokera pa kena kufika pa kena. "Mwaona, alamu? Pa chinthu chobulungira njira yachidule imakhota chonchi." Ulusiwo unadutsadi chakumunsi kwa lalanjelo. Za maola awiri aja anati ndi mphepo. Kumwamba kumene ndege zimadutsa, makilomita 10 kapena 11 kuchokera pansi, kumaomba chimphepo chochokera kumadzulo kupita kum'mawa, chotchedwa jet stream. Popita ku Australia chimakukankha, pobwera mukulimbana nacho. Apo ndinamva msanga, poti kwathu ndi ku Nkhotakota ndipo ndinaonapo asodzi akupalasa bwato moyang'anizana ndi mwera.

Ndinabwerera mu Julaye, nthawi imene Sydney imakhala patsogolo pa ife ndi maola 8. Tinanyamuka m'mawa, kakhanda ndikukasiya kali mtulo, ndipo dzuwa linakana kulowa ulendo wonse. Ndinadya kawiri, kugona, kudzuka, kutsegula pawindo, kunja kuli ngwee ngati masana. Mapazi anatupa moti nsapato zinakana, ndinatsika nditaziponda kuchidendene ngati masilipasi.

Pabwalo la ndege la O.R. Tambo ku Joni wotchi yapakhoma inkati 4 koloko madzulo, tsiku lomwelo. Ndikudikira sutukesi ndinawaimbira amayi kuwauza kuti ndili ku Joni, mawa ndikwera ya ku Lilongwe.

"Wafika kale? Si wanyamuka m'mawa womwe uno iwe? Ndiye nkhani yoti n'kutali munkandinamiza eti, bwenzi nditapita ndekha kukamuona mdzukulu wanga."