Anamutulutsa Lachinayi Ine Osadziwa

Lolemba ndi Lachiwiri kunalibe chachilendo: odwala khunyu ndi amisala ndandanda pabenchi, carbamazepine (mankhwala a khunyu) atatha kufamase, galimoto yopita kuzipatala zing'onozing'ono ili chiimire poti mafuta kulibe.

Chandiwawa mtima ndi cha Lachitatu. Anandiitana, monga wa zamaganizo, kuwodi ya amayi kukaona mtsikana yemwe anamwa tameki atayambana ndi mwamuna wake. Sikanali koyamba, ndipo mikono yake ili ndi zipsera zodzicheka, zakale ndi zatsopano. Tili mkati mocheza, a sisitala oyang'anira wodi anati, "A dokotala, musadzivute, ameneyu ndi khalidwe lake, sadzasintha. Bedili tikulifuna." Mwiniwake akumva!

Mawu amenewa si oona, ndipo anthu anatha zaka akufufuza. Mu 1992, Mary Zanarini ndi anzake a pa McLean Hospital ku Massachusetts anayamba kutsatira anthu 290 amene anagonekedwa ndi borderline personality disorder (matenda a maganizo amene munthu amasinthasintha mtima msanga, amavutika pa ubale ndi anthu, ndipo nthawi zambiri amadzicheka kapena kufuna kudzipha ngati mtsikanayu), n'kumakumana nawo zaka ziwiri zilizonse. Pomwe zaka 10 zimakwana, 93 mwa 100 alionse anali atakhalapo zaka ziwiri zathunthu zizindikiro zitachepa moti sakanatchedwanso odwala matendawa. Kafukufuku wina wa ku America konko, wotchedwa CLPS, amene anayamba mu 1996, anapeza kuti mwa 100 alionse, 85 zizindikiro zinali zitachepa pa zaka 10, ndipo amene anayambiranso anali ochepa. Zimene zimayamba kuzilala ndi zomwe zimatitopetsa kuwodizi, kudzicheka ndi kufuna kudzipha. Zokanirira ndi mkwiyo, kusungulumwa ndi mantha oti anthu amusiya. Pa ntchito ndi pa ubale ndi anthu m'pamene pamavuta: a McLean anapeza kuti pafupifupi theka lokha ndi amene anafika poti zizindikiro zatha, akugwira ntchito kapena kuphunzira, komanso ali ndi munthu wapamtima.

Inde, kumeneko ambiri ankalandira uphungu kwa nthawi yaitali. Ife tili ndi chiyani? Chipinda chochezera ndi wodwala tilibe, ndinalankhula naye kukhonde anamwino akudutsa ndi mabeseni. Kufamase kunali amitriptyline yekha, mankhwala a matenda okhumudwa, amene amasokoneza kagundidwe ka mtima mpaka kupha munthu akamwa ambiri. Sindinamulembere. Ndinakhala pansi ndi mayi ake aang'ono amene ankamudikirira, tinagwirizana zochotsa tameki ndi mankhwala a mbewu m'nyumba, ndipo ndinati ndibweranso mawa lake tidzapangane za masiku oonana.

Lachinayi m'mawa ndinapeza pabedipo pagona munthu wina. Anamutulutsa osandiuza, tsiku lobweranso osamupatsa, nambala ya foni mufailo mulibe. Chimene chinalembedwa ndi dzina la mudzi basi.

Lachisanu ndalembera akuluakulu a chipatala kuti aliyense wofuna kudzipha asamatulutsidwe ife a zamaganizo tisanasainire. Ndaimbiranso mlangizi wa zaumoyo wa dera lakwawo, ndipo wavomera kukamufunafuna Lolemba pa njinga yake.