Gyro wandilowa m'mutu chifukwa cha ngozi ya ku Resolute Bay

Koma ndiye ndapuma, anzanga. Nkhani ya gyro (kachipangizo kozungulira mothamanga kamene kamathandiza kudziwa komwe ndege yaloza) kufupi ndi nsonga ya kumpoto ya dziko inkandizunguza mutu, mpaka nditawerenga lipoti la TSB, bungwe lofufuza ngozi za maulendo ku Canada, la ngozi ya ndege ya kampani ya First Air, ulendo nambala 6560.

Pa 20 Ogasiti 2011, Boeing 737-200 yonyamula katundu ndi anthu pamodzi inanyamuka ku Yellowknife kupita ku Resolute Bay, kamudzi ka ku Nunavut, Canada, kosafikika pa msewu. Ikutsika m'mitambo inawomba phiri chakum'mawa kwa bwalo. Anthu 12 mwa 15 anamwalira.

Za localizer sindifotokoza zambiri: ndi chizindikiro cha wailesi cholondolera ndege pa mzere wapakati wa msewu woterapo. Chandigwira mtima n'chakuti kumpoto kuja kampasi ya maginito n'njosadalirika, choncho amayendera kumpoto kwenikweni, gyro atamumasula ku maginito. Tsono gyro amangoloza komwe unamulozetsa. Dziko ndi limene likutembenuka pansi pake, madigiri 15 pa ola kuchulukitsa ndi sine (ya m'masamu ija) ya latitude, kutalikirana kwa malowo ndi equator m'madigiri. Ku Lilongwe zimangokwana 3.6 pa ola. Ku Resolute, pa latitude 74, zimaposa 14. Dziko likuyenda, gyro ali chiimire, basi!

Pamene ankatsikira ku bwalo, kampasi yawo inali italakwika ndi madigiri 17, autopilot (makina oyendetsa ndege paokha) itasiyanso kutsata localizer iwo osazindikira. Kaputeni poyang'ana kampasi ankaona ngati ndege ikubwerera pa mzere, chonsecho ikupatukirabe kumanja.

Ine ndinatenga lalanje ngati dziko, n'kugoneka cholembera ngati gyro pafupi ndi nsonga yake, n'kumatembenuza lalanjelo cholembera chili chomwecho. Ndikunenetsa, palibe phunziro la navigation (kulondola njira ya ndege) limene lalanje silingathe kufotokoza. Aphunzitsi athu amangolemba fomula pa bolodi, ukafunsa akuti nthawi yatha, lowezani, zibwera pa mayeso. Kuloweza kungakuthandize chiyani uli m'mitambo, phiri lili kutsogolo? Komanso mitu amaithamangitsa, mawa tili kale pa zanyengo.

Pali china chimene lalanje silinandiyankhe. Wothandizira kaputeni ankaona kuti apatuka. Ananena kangapo, anatchula GPS, anatchulanso zoti akwere ayambirenso, koma chiwongolero sanalande. M'kalasi n'kosavuta kunena kuti akanalanda. Ife tinakula ndi mwambo wosatsutsa wamkulu pamaso. Ndikanakhala ine pa mpando wakumanja wa wothandizirayo, mawu anga akanakwera mpaka pati? Sindikudziwa, ndipo zikundivutabe.