Kuthokoza anthu a pa Lizulu amene anatithandiza klatchi itatifera pa msewu

Ndalemba mawu awa pofuna kuthokoza pagulu anthu amene anatithandiza Lachinayi lapitali, pamene galimoto yathu, Toyota Hilux yakale ya magiya a pamanja, inatifera pa Lizulu tili pa ulendo wochokera ku Lilongwe kupita ku Zomba kukaonerera mwana wathu wamkazi akulandira digiri m'mawa mwake. Ambiri mwa iwo sindinawafunse n'komwe mayina, ndipo amene ndikuwadziwa sindiwatchula chifukwa sindinawapemphe chilolezo, koma ndili ndi chikhulupiriro kuti uthengawu uwapeza.

Vuto linayamba kuoneka titangodutsa pa Dedza. Pedulo ya klatchi inayamba kufewa, giya yachitatu inkalowa mokhuluza, ndipo ndinkachita kupopa kawiri kapena katatu kuti ndisinthe giya. Pofika pa msika wa Lizulu, pamene ndinkachepetsa liwiro chifukwa cha khamu la anthu ogula mbatatesi ndi kabichi, ndinaponda klatchi ndipo pedulo inangopita pansi popanda kukana, n'kukhalira komweko. Injini inazima galimoto ili pakati pa msewu wa M1. Choyamba ndithokoze anyamata onyamula katundu amene anasiya matumba awo n'kutikankhira pambali, lole imene inali kumbuyo kwathu isanatipweteke.

Monga mwa chizolowezi chathu, galimoto ikafa aliyense wodutsa amasanduka makaniko. Anthu angapo anandiuza motsimikiza kuti klatchi puleti yapsa ndipo giyabokosi iyenera kutsitsidwa, ntchito imene ikanatigoneka pa Lizulu ndi kudya ndalama zonse za ulendo. Ndinali nditatsala pang'ono kuvomera pamene mayi wina wogulitsa mbatatesi anatuma mwana wake kuti akaitane bambo wina wachikulire amene amakonza magalimoto kuseri kwa msika. Amayi inu, zikomo kwambiri, ndiponso zikomo chifukwa cha mphasa imene munayalira akazi anga pamthunzi.

Bambo amenewa ndi amene ndikufuna kuwathokoza mwapadera, makamaka chifukwa cha mmene anafufuzira vutolo. Asanagwire sipanala anandifunsa ngati ndinamva fungo la kupserera, ndiponso ngati injini inkalira kwambiri pa zitunda galimoto osathamanga. Nditakana zonse ziwiri, anandifotokozera kuti puleti yotha imaterera koma pedulo imakhalabe ndi mphamvu yake, pamene pedulo yogwera pansi imasonyeza kuti vuto lili m'njira imene mphamvu ya phazi imadutsa popita ku giyabokosi. Pa galimoto ngati yanga njira imeneyo ndi ya mafuta: pedulo imakankha master cylinder, mafuta amayenda m'payipi kukafika ku slave cylinder imene ili pambali pa giyabokosi, ndipo iyo imakankha foloko yomasula klatchi. Anawonjezera kuti magalimoto ena amagwiritsa ntchito waya, ndipo pa amenewo munthu amayamba waona ngati wayayo waduka.

Atatsegula boneti anandionetsa kabotolo kakang'ono kamene kali pafupi ndi ka mabuleki, ndipo munali mutatsala timafuta takuda pansi penipeni. Anati mafuta amenewa satha ngati dizilo, choncho akachepa ndiye kuti akudontha penapake. Anayamba kuunika ndi tochi ya foni pansi pa chiwongolero, pamene kachitsulo ka pedulo kamalowa mu master cylinder, chifukwa ikamadontha mafuta amatsikira mkati pa kapeti, koma panali pouma. Anatsatira payipi ya chitsulo ndi ya labala, ndipo sanapeze ponyowa. Kenako anagona pansi pa galimoto, n'kukoka kalabala kophimba kamwa ya slave cylinder, ndipo mafuta anakhuthukira m'manja mwawo.

Ine ndinkayesa kuti kufufuza kwathera pamenepo, koma iwo anakana kutuma munthu kukagula chipangizo asanayese master cylinder, poopa kuti tingayende ulendo wa ku Ntcheu boma kawiri. Anathira mafuta, anapopa kangapo, anapana payipi ya labala kuti mafuta asapitirire, ndipo anandiuza kuti ndiponde pedulo n'kuigwira. Inalimba ndipo sinatsike. Anafotokoza kuti master cylinder imatha kufera mkati popanda kudontha ngakhale dontho limodzi, mafuta n'kumangobwerera kuseri kwa malabala ake, ndipo chizindikiro chake n'chakuti pedulo imamira pang'onopang'ono kabotolo kali kodzaza. Ananenanso kuti kachitsulo ka slave cylinder kakanakhala kuti kakuyenda bwino koma magiya n'kumakanabe, pamenepo ndiye akanakayikira foloko, release bearing kapena pressure plate, zipangizo za klatchi zimene zili mkati pakati pa injini ndi giyabokosi, ndipo kutsitsa giyabokosi kukanakhala koyenera. Anandiuzanso kuti ndinachita mwayi, popeza pa magalimoto ena atsopano slave cylinder imakhala mkati mwa giyabokosi momwemo.

Ndithokozenso mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto amene tinamupatsa ndalama ndi chipangizo chakale kuti akafanizire ku Ntcheu boma, ndipo anabwera ndi chatsopano, botolo la mafuta a klatchi a mtundu wa DOT 3 monga mwalembedwera pa chitsekerero cha kabotolo kaja, lisiti ndi chenji yonse. Iye ali m'njira, munthu wina anati tingothira oyilo wa injini kuti tikafike, koma bambo aja anakaniratu, nati oyilo amatupitsa malabala ndipo tikanaononga ndi master cylinder yomwe inali yabwinoyo.

Bambo aja atamanga slave cylinder yatsopanoyo, ntchito yotulutsa mpweya m'mapayipi tinaigwira atatu. Ine ndinali pa pedulo kumvera mawu akuti popani, gwirani, siyani. Iwo anali pansi kutsegula ndi kutseka kanati kotulutsira mpweya. Ndipo akazi anga, atavala kale chitenje chatsopano cha mwambo, ankayang'anira kabotolo kuti kasaume, chifukwa kakauma mpweya umalowanso ndipo ntchito imayambiranso poyamba. Mayi a kunyumba, zikomo chifukwa simunandidzudzule pamaso pa anthu, ngakhale munali mutandiuza kale za kadontho kamene kankaoneka pansi pa galimoto kwa mwezi wathunthu. Cholakwa chinali changa, popeza chigulireni galimotoyo sindinasinthepo mafuta a klatchi, pamene mafutawa amayamwa chinyezi chimene chimadya silinda mkati.

Tinanyamuka pa Lizulu dzuwa litapendeka, tinakhota pa Chingeni, tinaoloka Shire pa Liwonde, ndipo tinafika ku Zomba usiku, moti m'mawa mwake tinali pa mipando yathu mwana wathu akuitanidwa dzina. Bambo, ndalama imene munatchula inali yochepa poyerekeza ndi ntchito yanu, ndipo sipanala yanu yaing'ono munayiiwala pansi pa mpando wanga. Ndidzaima pa Lizulu Loweruka likubwerali kuti ndikupatsireni pamanja.