Asungwana nawonso akwere maboti a thanga

Abale, anthu akamati mpikisano wa timaboti ta thanga ndi wa azibambo okha ine ndimangoseka. Ku Olympics ya 2024 ku Marseille m'dziko la France amuna ndi akazi anali ochuluka mofanana, ndipo boti la anthu awiri lotchedwa 470 pano mumakwera mwamuna ndi mkazi limodzi, pomwe akazi anayamba kukhala ndi mpikisano wawowawo mu 1988 pa Olympics ya ku Seoul. Marit Bouwmeester wa ku Netherlands anatenga golide ku Marseille komweko pa ILCA 6, boti la munthu mmodzi, ali ndi mwana wamng'ono kunyumba, ndiye za "akabereka basi zatha" zija tisiyeni nazo.

Aneba athu a ku Mozambique anatumiza mtsikana wawo Deizy Nhaquile ku Olympics ya ku Tokyo, ife nyanja yonseyi tili nayo koma mtsikana akangoyandikira bwato akuti pita ukatsuke mbale, eeh! Vutotu si mphamvu ayi, ndi mmene timawayambitsira, amafunika ayambe ali aang'ono pa kaboti ka ana kotchedwa Optimist, aphunzire kusambira kaye, pakhalenso makochi achizimayi kuti makolo mtima ukhale m'malo. Ndipo ma kalabu akonze pobvalira pa atsikana, zosinthira zovala kuseli kwa galimoto zimathawitsa anthu.