Momwe ndidayikira ROS 2 pa laputopu yanga yakale

Ndisanalembe chilichonse mu terminal (windo lolembamo malamulo a kompyuta), ndidayamba ndaona kaye mtundu wa Ubuntu (sisitemu ya Linux yoyendetsa kompyuta) womwe uli mu laputopu yanga, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. ROS 2 ndi gulu la mapulogalamu oyendetsera maloboti, ndipo mtundu wake uliwonse uli ndi dzina lake komanso Ubuntu wake. Humble, yomwe idatuluka mu 2022, imayendera Ubuntu 22.04, pomwe Jazzy ya 2024 imafuna 24.04. Yanga inali ndi 24.04, basi ndidasankha Jazzy.

Njira zoyikira zilipo ziwiri: kutenga mapakeji ophikaphika kudzera pa apt (chida choyikira mapulogalamu pa Ubuntu), kapena kukopera source code yonse n'kuimanga wekha ndi colcon (chida chomangira mapakeji a ROS 2). Mnzanga wina wa kumudzi, amene timaphunzira naye za maloboti Loweruka ku Braamfontein, adandiuza kuti, "Achimwene, mangani nokha, m'pamene mudziwe za m'kati." Ndimamulemekeza, koma apa sindidagwirizane naye. Kumanga ROS 2 yonse pa makina akale kumatenga maola, kumadya RAM, ndipo kuno ku Johannesburg bandulo ya intaneti ndi ndalama, magetsi nawo akhoza kuthima ntchito ili pakati. Chachikulu kwa ine n'chakuti ikakanika, uthenga womwe umabwera umakamba za CMake (chida chothandiza pomanga kodi) ndi madipendensi (mapulogalamu ena omwe kodiyo imadalira), zinthu zoti woyamba kumene sangadziwe pogwira. Munthu amatha sabata akulimbana ndi compiler, loboti osaikhudza n'komwe, ena mpaka kugwa ulesi.

Ndiye ndidapita ku apt. Ndidaonetsetsa kuti locale (masetingi a chinenero ndi zilembo) ili pa UTF-8, n'kutsegula universe (nkhokwe ina ya mapakeji a Ubuntu), kuwonjezera repository (nkhokwe) ya ROS, kenako sudo apt update ndi sudo apt install ros-jazzy-desktop. Ya desktop imabwera ndi RViz (pulogalamu yoonetsa loboti ndi zomwe ikuona pa sikirini) komanso zitsanzo zophunzirira. Chilichonse chimakakhala mu /opt/ros/jazzy.

Pali kamzere kamodzi koti osakaiwala: source /opt/ros/jazzy/setup.bash. Popanda iko, terminal imakana kuti sikudziwa ros2. Ine ndidakaika kumapeto kwa .bashrc, fayilo yomwe terminal imawerenga ikamatseguka, kuti kazidzuka kokha.

Poyesa ndidatsegula materminal awiri. Mu ina ndidalemba ros2 run demo_nodes_cpp talker, mu inayo ros2 run demo_nodes_py listener. Ina ikutumiza uthenga, inzake ikulandira. C++ ndi Python zonse zikuyenda.

Colcon sindidaitaye ayi. Ndidapanga foda ya ros2_ws, ndipo mu src mwake ndimaikamo mapakeji anga okha ndi ena ochepa omwe pa apt palibe. Ndimayendetsa chida cha rosdep kuti chitenge madipendensi osowa, kenako colcon build, ndipo sizichedwa chifukwa maziko alipo kale. Kumanga ndikuphunzira ndithu, koma pa kodi yomwe ndikuimvetsa.

Kumanga ROS 2 yonse kuli ndi malo ake, makamaka ukafuna kusintha za m'kati mwake kapena makina ako akakhala opanda mapakeji okonzeratu. Raspberry Pi OS, sisitemu ya kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi, ili m'gulu limeneli. Choncho pa Raspberry Pi ya kaloboti kathu ndidaikapo Ubuntu Server 24.04 ya 64-bit, n'kutenga ros-jazzy-ros-base (yopanda RViz) pa apt, popeza kalobotiko kalibe sikirini ndipo RViz ndimaionera pa laputopu.