Masaya a Elizabeth I anandipusitsa

Sabata yatha aphunzitsi athu a mbiri ya ku Ulaya anatipatsa ntchito yofotokoza chithunzi chimodzi cha mfumukazi Elizabeth I, yemwe analamulira England kuyambira 1558 mpaka 1603. Ine ndinasankha chotchedwa Darnley, chojambulidwa cha m'ma 1575, chomwe chimasungidwa ku National Portrait Gallery ku London. Nkhope yake ndi yoyera mbee ngati ufa woyanika pamphasa. Ndinalemba mothamanga kuti mayiyu ankadzipaka phaudala mopyola muyeso, ndipo ndinapereka pepala langa ndikudzimva katswiri.

Sikuti ndinangopeka. Azimayi olemera a nthawiyo ankadzoladi ceruse, mtovu woyera wosakaniza ndi viniga, ndipo wotchuka kwambiri ankachokera ku Venice. Khungu loyera linkauza anthu kuti mwini wake sagwira khasu padzuwa. Tsoka lake, mtovuwo unkadya khungu pang'onopang'ono, tsitsi nkumathothoka, ndiye wodzolayo ankawonjezera wina kuti abise zipsera zomwe mankhwala omwewo abweretsa. Zofiiritsa milomo zina zinali ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chomwe ndi poizoni. Apa ndinakumbukira mafuta oyeretsa khungu omwe anthu amagula pamsika masiku ano, poti ena mwa iwo mercury yemweyo alimo. Komanso Elizabeth anadwala nthomba mu 1562 mpaka kutsala pang'ono kufa, nchifukwa chake ambiri amati ankabisa zipsera.

Pepala linabwerera ndi funso limodzi la cholembera chofiira: "Kodi utoto wa pachithunzichi uli ndi zaka zingati?"

Manyazi anandigwira nditawerenga bwino. Akatswiri atapima chithunzicho anapeza kuti utoto wofiira wa pankhope unasuluka ndi zaka. Pamene wojambula ankaika burashi pansi, mfumukaziyo inali ndi masaya ofiirira ndithu. Ine ndinkaweruza munthu potengera utoto womwe watha zaka zoposa 400 ukufwifwa.

Chinanso chomwe ndinadumpha: zithunzi zake zinali ndale. Mu 1596 nduna zake zinalamula kuti zithunzi zomuonetsa mosayenera ziwonongedwe, ndipo katswiri wojambula Nicholas Hilliard ankamujambula ndi nkhope yosalala ngati ya namwali, chikhalirecho ali ndi zaka zopitirira 60.

Pepala lachiwiri ndikupereka Lachisanu. Ndime yoyamba ija ndaifufuta yonse, ndayambira pa utoto wofiirawo.